Khosi lalowa, koma landidyera masabata atatu

Khosi la gitala imene ndikupanga lalowa amangwetu. Lalowa Loweruka cha m'ma 5 koloko madzulo, ndipo pamene ndikulemba pano gitala yatsamira pakhoma nsambo zonse 6 zili m'malo mwake, ilibe ma pickup (timaginito totola kulira kwa nsambo), ilibe waya wamagetsi ndi mmodzi yemwe, ukaikhudza imangolira chapansipansi ngati munthu wachimfine koma ine ndikungoiyang'ana ngati mwana wachisamba. Ntchito imene mzungu wa pa YouTube amaimaliza pa mphindi 12 uku akumwa khofi, ine yandidyera masabata atatu ndi masiku ena pamwamba, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kuligenda thabwalo kuseri kwa mpanda wa mastandi, eni nyumba imene ndimachita lendi.

Ndiyambe ndi thupi. Thupi la gitalayi ndi mlombwa, umene kuno ku Joni amautchula kuti kiaat. Alamu anga ndi kalipentala, amagwira pa workshop ina ku Booysens yopanga makabati a kukhitchini, ndiye tsiku lina akuchokera kuntchito anapeza anthu ena ku Turffontein akusamuka atataya tebulo lakale panja, miyendo iwiri yothyoka koma pamwamba pake thabwa lonenepa bwino. Anangolikanda ndi chikhadabo, kulinunkhiza, basi foni kwa ine, alamu bwerani ndi wilibala pali mlombwa pano ukulira. Tinalikankha mpaka ku Rosettenville kumene ndimakhala, anthu m'njira akutiyang'ana ngati taba. Thabwa limenelo ndi limene anadula, kulumikiza zidutswa ziwiri, kulipala mpaka kunenepa kwake kufike mamilimita 45, n'kulizungulira mofanana ndi Stratocaster, gitala yamagetsi yotchuka ya kampani ya Fender, potsatira pepala limene ndinapulinta pa intaneti cafe.

Khosi lokha sitinapange. Alamu ananeneratu kuti iwo za ma fret (tizitsulo topingasa pakhosi tija todinapo nsambo) ndi chitsulo cha mkati chija chotchedwa truss rod sakuzilowa, akuti kabati ukaphonya milimita imodzi chitseko chimatsekabe koma gitala ukaphonya milimita imodzi mpingo wonse umatembenuka kukuyang'ana. Ndiye ndinagula kwa mkulu wina pa Facebook, ku Edenvale uko, mataxi awiri kupita awiri kubwera. Anagula kalekale kuti apange gitala yake koma sanayambe n'komwe, linangokhala m'bokosi, la mtengo wa maple, ma fret 22, ndipo chimene chinandisangalatsa kwambiri n'choti kutsinde kwake kunalibe bowo ndi limodzi lomwe. Khosi losaboola. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati mwayi, sindinadziwe kuti ndi mayeso.

Ife amene tinakulira ku Chileka, kwawo kwa a Daniel ndi a Donald Kachamba, gitala yathu yoyamba inali ya chigaloni cha mafuta. Umapeza thabwa, kuboola chigaloni uku ndi uku, kulowetsa thabwalo mpaka litulukire kuseri, nsambo n'kukhala waya wa mabuleki a njinga, basi bandi yayamba. Khosi likapendekera umangolipondaponda ndi bondo. Ndiye mumtima ndinkati nanga masikuluwu anayi angandivute ine? Kkkkk.

Masikuluwu anayi amenewa ndi nzeru za Leo Fender, mkulu wa ku California amene ankakonza mawailesi ndipo gitala sankaimba n'komwe. Iye anaganiza mwaumakaniko, kuti khosi likawonongeka munthu angomasula n'kuikapo lina ngati tayala. Telecaster inatuluka choncho cha m'ma 1950, Stratocaster mu 1954, zonse khosi lomanga ndi masikuluwu ndi kambale kachitsulo kumbuyo. A kampani ya Gibson ndi gitala yawo ya Les Paul ya 1952 anatsata njira yakale yomata ndi guluu, khosi likalowa lalowa, kulichotsa ndi nkhondo ya nthunzi ndi mipeni. Anthu amakangana mpaka lero kuti iti imalira bwino, ine mkangano umenewo sindiulowa, chimene ndikudziwa n'choti ndikanakhala kuti ndinamata ndi guluu mmene ndinalakwitsira poyamba muja bwenzi pano ndikulemba za nkhuni.

Tsopano dzenje. Pathupi pamakhala dzenje limene tsinde la khosi limakhalamo, pa YouTube amati neck pocket. Pa muyezo wa Fender m'lifupi mwake ndi mamilimita 55 ndi theka, kuya kwake pafupifupi 16, kutalika 76. Alamu analikumba ndi rauta, makina okumbira thabwa, ya kuntchito kwawo nthawi ya lunch, potsatira manambala amenewa, khosi lisanafike n'komwe. Apa ndi pamene tinaphonya poyamba ndipo ndikuuzeni inu amene mukufuna kuyesa, gulani kaye khosi, mulipime ndi manja anu, kenako mukumbe dzenje. Makosi ambiri otchipawa amalembedwa kuti ndi a Strat koma aliyense amadula mmene wadzukira. Langa titalipima linapitirira 56 pang'ono, moti kuliika padzenje linangokhala pamwamba ngati nkhuku yokana kulowa m'khola. Chinanso muyang'ane kumapeto kwa tsinde, la Strat limakhala lozungulira pamene la Tele limakhala lodula chowongoka ngati njerwa. La Strat m'dzenje la Tele limalowa koma limasiya timipata m'makona, la Tele m'dzenje la Strat silifika kumapeto. Ife apa tinapulumuka, zonse zinali zozungulira.

Ine maganizo anga anali oti tipale khosilo ndi sanipepa. Alamu anakana. Akuti khosi ndi limene lili ndi muyezo, lili ndi vanishi wake kale, ndipo tsiku lina mudzafuna kuligulitsa kapena kuliika pa thupi lina, thabwa lathuli ndi limene ligonje. Ndiye anamata sanipepa pa kathabwa kosalala, n'kumapala makoma a dzenje, kakhumi mbali iyi kakhumi mbali inayo, kuwerenga mokweza ngati ana a sitandade 1, kuti dzenje lisasunthe kuchoka pakati. Kupala pang'ono, kuuzira fumbi, kuyesa. Kupala pang'ono, kuuzira, kuyesa. Fumbi la mlombwa ndi lofiirira, limalowa m'mphuno n'kumakuyetsemulitsa mpaka mawa.

Pamenepa tinakanganapo pang'ono. Ndinali nditaonera anthu pa intaneti akunyadira kuti dzenje lawo ndi lothina moti amanyamula gitala yonse pogwira khosi popanda sikuluwu ndi imodzi yomwe, ndiye nanenso ndinkafuna zomwezo, zoti ndijambule ndiike pa status. Alamu anandiyang'ana n'kufunsa kuti alamu, mwezi uno ndi uti? Ndinati Julayi. Akuti milomo yanu yang'ambika chifukwa chani? Amene mumakhala kuno mukudziwa mmene Joni imaumira nthawi yozizira, mvula kulibe miyezi ingapo, ukagwira chitseko cha galimoto chimakulasa, zovala zimauma usanamalize kuyanika. Thabwa nalonso panopa lauma mpaka kumtima, lanyala. Ikadzayamba mvula ya mabingu ya masana ija mu Okutobala lidzamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo khosi limene lero lalowa mokakamiza lidzakankha makoma. Khoma la mbali ya nsambo zing'onozing'ono ndi lopyapyala kwambiri, ndi pamene magitala ambiri amakhala ndi kamng'alu pa penti, mukaona ma Strat akale m'mashopu a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito muyang'ane pamenepo mudzakaona. Iwo akuti zitseko za makabati zimene amapanga mu Juni amasiyiratu kampata chifukwa cha zomwezi. Ndinagonja. Tinapala mpaka khosi linayamba kulowa ndi zala ziwiri zokha, osamenya, osakankha ndi chikhatho, ndipo ukalitembenuza thupi limatsetsereka pang'onopang'ono osati kugwa phuu.

Kufika apa zonse zinali bwino. Kenako kunagwa maliro kumudzi kwa alamu, anakwera basi kupita ku Malawi, ine n'kutsala ndekha ndi thupi, khosi, drill yobwereka ndi mtima wothamanga.

Bridge, chitsulo chimene nsambo zimatherapo, ndinali nditaimanga kale pathupi, potsatira mzere wapakati umene tinajambula ndi pensulo. Mabowo anayi a pathupi alamu anali ataboola kale potengera kambale kachitsulo kaja. Ndiye chatsala n'chani, si kungolowetsa khosi, kulemba pamene mabowo agwera, n'kuboola? Linali Lachitatu madzulo, magetsi amayenera kuzima 8 koloko, ine ndafika 7 itadutsa kale ndatopa, koma mtima ukuti lero lomwe ndimve kulira kwake. Ndinaika khosi m'dzenje, kuligwira ndi dzanja lamanzere, kutembenuza gitala pabedi, kulowetsa msomali m'mabowo n'kumenya pang'ono kuti usiye chizindikiro. Kuboola ndi drill yapamanja nditapanira khosi pakati pa mawondo. Kumanga masikuluwu. Magetsi anazima ndikumanga yachinayi, ndinamaliza ndi tochi ya foni ili kukamwa, n'kugona ndikumwetulira.

M'mawa ndisanapite kuntchito ndinaika nsambo. Nsambo yaikulu ya pamwamba inali mkati kwambiri, malo otsala kumbali kwake oti n'kuyendapo nyerere zitatu mogundana. Yaing'ono ya pansi ija, kuyambira cha pa fret ya 15 kupita kumapeto, inali pamphepete penipeni, ukangoidina imagwera kunja n'kulira kwee ngati mwanapiye. Khosi linaloza kwina, bridge kwina.

Ndinakhala pansi n'kuwerengera pa kalikuleta ya foni kuti ndione kuti ndaphonya ndi zingati, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndi zochepa zedi. Dzenje ndi lalitali mamilimita 76 basi, koma nsambo kuchokera ku nut (kachidutswa ka timizere kamene nsambo zimatsamira kumutu kwa khosi) kukafika pa bridge ndi mamilimita 648. Khosi likapendekera ndi theka la milimita mkati mwa dzenje, kachinthu koti ndi maso sungakaone, pautali wonsewo kamasanduka mamilimita 4. Ndipo malo amene nsambo yakumapeto imakhala nawo kumbali ndi pafupifupi mamilimita 3 okha. Kampata kaja tinasiyira mvula ya Okutobala ndi komwe kanandipweteka, chifukwa dzanja langa lamanzere linakankhira khosi mbali imodzi pamene ndinkatembenuza gitala.

Pali kanjira kamene anthu amachita khosi likapendekera pang'ono, umamasula masikuluwu pang'ono nsambo zili zokoka, n'kulikankha khosi chammbali mpaka nsambo zikhale pakati, n'kumanganso. Ndinayesa. Silinasunthe ngakhale pang'ono. Chifukwa chake ndinadzachidziwa pambuyo pake, mabowo a pathupi anali othina, sikuluwu imaluma thupi komanso kuluma khosi nthawi imodzi, ndiye panalibe poti n'kusewerera. Ndinakankha mwamphamvu mpaka ndinamva kakuti tsee penapake, mtima unangoti phaa, ndinasiya pomwepo.

Ndinatumiza chithunzi kwa alamu pa WhatsApp. Anayankha patatha masiku awiri, netiweki ya kumudzi mukuidziwa, voice note yake kumbuyo kukumveka atambala ndi azimayi akutsuka mapoto. Poyamba kuseka kokhakokha pafupifupi theka la mphindi, munthu ali pamaliro. Kenako akuti alamu, mwaboola musanakoke ulusi? Ngakhale womanga chimbudzi amayamba wakoka chingwe. Musakhudzenso kanthu, mubise drill, ndikubwera.

Ndinadikira masabata awiri gitala ili pansi pa bedi. Masiku amenewo sindinkafuna n'kuiona komwe.

Atabwera, ndi thumba la ufa ndi usipa wouma pang'ono zimene anatipatsirako, ntchito yoyamba inali kutseka mabowo anga aja. Ine ndinali nditakonzeratu machesi ndi guluu poti ndi mmene timachitira sikuluwu ya chitseko ikamazungulira. Anandilanda. Akuti machesi ndi a kasikuluwu kogwira lamba wa gitala, osati khosi. Ndipo n'zoona, nsambo 6 za saizi ya 10 zikakokedwa bwino zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 45, tingoti thumba la chimanga lotsala pang'ono kudzaza likulendewera pakhosipo usana ndi usiku. Ndiye tinapita nalo ku workshop Loweruka abwana awo kulibe, anakulitsa mabowo anayi aja kufika mamilimita 6 pa drill yoimirira ija yosagwedera, n'kudula timapulagi ta mtengo wolimba. Apa ndinaphunzira chinthu. Sanatenge ndodo zozungulira zogula zija, akuti m'ndodo zimenezo mitsempha ya mtengo imayenda chotsika motsatana ndi sikuluwu ndiye mano a sikuluwu amangoidula, sagwira bwino. Iwo anadula timapulagi kuchokera pamimba pa thabwa kuti mitsempha igone chopingasa mofanana ndi ya khosilo. Guluu wamatabwa woyera uja, kugogoda pang'ono, kupukuta wotuluka ndi kansalu konyowa, n'kusiya mpaka mawa lake. Lamulungu titachoka kutchalitchi anasenga zotsalira ndi tchizulo yakuthwa moti ukadutsitsa chala sumva pamene pali pulagi.

Kenako anatenga thupi n'kukulitsa mabowo ake kufika mamilimita 4 ndi theka, kuti sikuluwu izingodutsa yokha osaluma. Ichi anavomera kuti chinali cholakwa chawo, anaboola ngati akumanga kabati. Sikuluwu ikaluma matabwa onse awiri siingawakokere pamodzi, mpata umene unalipo poyamba umakhalabe pomwepo ngakhale umange mpaka mutu wa sikuluwu uphwanyike. Imayenera kudutsa thupi mwaufulu, mutu wake ugwire kambale kachitsulo, mano ake alume khosi lokha, ndiye ukamamanga khosi limakokeka n'kukhala pansi pa dzenje kuti nga.

Loweruka lapitali ndi pamene tinachita zenizeni, ndipo ndifotokoza pang'onopang'ono chifukwa ndi zimene ndinalumpha tsiku lija.

Tinayala bulangete patebulo la kukhitchini kwa mastandi, anatibwereka poti chipinda changa n'chochepa. Khosi m'dzenje. Alamu anatenga kilampu imodzi, pamwamba pa ma fret anaikapo kathabwa kofewa kokutidwa ndi chidutswa cha lamba wakale kuti ma fret asaphwanyike, kumbuyo kathabwa kena kakang'ono kosatseka mabowo, n'kumanga pang'ono chabe, moti khosi ukalikankha ndi chala chachikulu limasuntha koma ukalisiya limakhala pomwepo. Kenako ulusi. Ulusi weniweni wosokera, wakuda, umene tinapempha kwa akazi awo. Umodzi kuchokera pa chokokera nsambo yaikulu, kudutsa pa kamzere kake pa nut, kukafika pa bridge. Wina chimodzimodzi mbali ya nsambo yaing'ono. Ena amaika nsambo zenizeni ziwirizo osazikoka kwambiri, n'chimodzimodzi, ife tinasankha ulusi poti sukoka khosi.

Ndiye kuyang'ana. Alamu anagwada kumapeto kwa tebulo diso limodzi atatseka ngati akuwombera mbalame ndi legeni, ine ndili ndi lula yachitsulo pa fret yomaliza. Mbali iyi 4, mbali iyo 2. Gogodani pang'ono kumutu, cha kwa inu. Ndinagogoda ndi chala. Iyi 3 ndi theka, iyo 2 ndi theka. Pang'ononso. Mwapitirira, bwezani. Tinachita zimenezi mwina mphindi 20, mastandi anabwera kudzatenga ketulo n'kuima kutiyang'ana, anafunsa m'Chizulu ngati tikupemphera. Pamapeto pake mbali zonse zinakhala 3, ndipo timadontho takuda ta pakati pa khosi tinagwera pakatikati pa maulusi awiriwo kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Alamu amakonda kusiya kampata kochulukirapo pang'ono mbali ya nsambo yaing'ono poti ndi imene timaikoka ndi kuigwedeza poimba, ndiye anagogodanso kamodzi kofewa ngati akudzutsa mwana, n'kumanga kilampu zolimba.

Tisanalembe mabowo anandiuza kuti ndipimenso kutalika. Kuchokera pamene nsambo imachoka pa nut kukafika pamwamba pa fret ya 12 pamayenera kukhala theka la 648, ndiye kuti 324, ndipo kuchokera pa fret ya 12 kukafika pa bridge pakhalenso 324 ndi kakuwonjezera pang'ono kamene timadzakonza ndi timasikuluwu ta pa bridge. Zinakwana. Izi musazione ngati zachibwana, pali makosi a muyezo wa Gibson, pafupifupi mamilimita 628, ndipo ukaika khosi la muyezo wina pa thupi limene bridge yake inaikidwira muyezo wina gitala imeneyo sidzamveka bwino mpaka kalekale, uchune bwanji, ukangodina chord kumtunda kuja zonse zimasemphana. Kunena zoona amene mukupanga thupi nokha, ndibwino kumanga kaye khosi kenako n'kupeza malo a bridge potengera khosilo, osati mmene ndinachitira ine. Zikanatipulumutsa mphindi 20 zopemphera zija.

Polemba mabowo sanagwiritse msomali wanga uja, umene unali wochepa moti umagwedera m'bowo n'kulemba paliponse. Anatenga bit yoboolera matabwa ya kansonga pakati, yofanana ndendende ndi bowo la pathupi, kuilowetsa ndi dzanja, kuizungulitsa kamodzi. Timadontho tinayi toyera bwino, ndipo tonse tinagwera m'mphepete mwa mapulagi aja, kusonyeza kuti ndinaphonya ndi kachinthu kochepadi.

Kuya kwa bowo nakonso ndi masamu. Sikuluwu ndi yaitali mamilimita 44. Thupi ndi 45, kuchotsa 16 ya dzenje kutsala 29, kuphatikiza kambale kachitsulo, ndiye kuti sikuluwu imalowa m'khosi pafupifupi 14 basi. Tsinde la khosi ndi lonenepa pafupifupi 25, ndiye ukaboola mosasamala bit imatulukira pakati pa ma fret, ndipo chimenecho ndiye chilonda chosabisika. Anakulunga tepi pa bit ya mamilimita 3, pa 15, n'kusiya kamchira ka tepi kotuluka kuti kakayamba kusesa fumbi udziwe kuti wafika. Anandipatsa drill kuti ndiboole ndine. Manja amanjenjemera koma iwo anaimika kathabwa kodulidwa sikweya pambali pa bit kuti ndiziona ngati ndaima chowongoka. Maple ndi wolimba abale, umamva akukana, ndipo ukapanda kuboola kaye sikuluwu imatha kuduka mkati kapena kung'amba tsinde.

Pomanga anatulutsa kandulo, yomwe timayatsa magetsi akazima, n'kupaka pa mano a sikuluwu iliyonse. Ena amapaka sopo koma iwo akuti sopo amakoka chinyezi n'kuchititsa dzimbiri. Kumanga ndi sikuludiraiva yapamanja, osati yamagetsi, iyi pang'ono, ya pakona yotsutsana nayo pang'ono, monga timamangira tayala la galimoto, mpaka zonse zitagwira. Osafinya mpaka kambale kapindike kapena kulowa m'thabwa. Titaika nsambo zonse n'kuchuna, anamasula sikuluwu iliyonse pang'ono chabe, kotala ya kuzungulira, ndipo tinamva kakuti tiki, nsambo zakoka khosi kuti likhale bwino kumapeto kwa dzenje, n'kumanganso. Kaphokoso kameneko ndinakamva kukoma kuposa nyimbo.

Ndinkaganiza kuti tamaliza koma ayi. Nsambo zinali m'mwamba kwambiri, pa fret ya 12 panali poti n'kulowetsa ndalama ziwiri za R5 zosanjikiza, ndipo timipando ta nsambo pa bridge tinali titatsitsidwa kale mpaka pansi, timasikuluwu take titatuluka m'mwamba ngati minga yoti izikubaya dzanja poimba. Tinayang'ana kaye ngati khosi lapindika, kudina fret yoyamba ndi yomaliza n'kuona mpata pakati, unali wochepa bwino, ndiye vuto silinali truss rod. Khosi limafunika kugonekera kumbuyo pang'ono. A Fender m'ma 1970 anaikako kasikuluwu kosinthira zimenezi pa magitala a masikuluwu atatu aja, koma anthu ambiri amangoika kachidutswa kopyapyala pansi pa tsinde, amati shim, kumapeto kwa dzenje kumene kwayandikira ma pickup. Ine ndinali nditatulutsa kale khadi la bizinesi la munthu wina wa mafiriji kuti ndidule. Alamu akuti zimagwira ntchito, sakukana, koma kachidutswa kakang'ono kamasiya mphako pansi pa khosi ndipo masikuluwu akamakoka zaka ndi zaka kumapeto kwa khosi kumatha kutukuka. Anatulutsa m'thumba la ovolosi kachidutswa ka veneer, thabwa lopyapyala kwambiri, kotsala ku makabati, kukadula saizi ya dzenje lonse, n'kukapala pa sanipepa mbali imodzi mpaka inapyapyala ngati pepala la fodya pamene mbali inayo inatsala yosakwana milimita imodzi. Kumasulanso nsambo, kumasula khosi, kuboola timabowo tinayi pa veneer, kuika, kumanga, kuchuna. Ulendo woyamba zinapitirira, nsambo zinagona pa ma fret n'kumangoti zzzz. Kumasulanso, kupala pang'ono. Ulendo wachiwiri zinakhala, mamilimita 2 pa nsambo yaikulu, yaing'ono kucheperako, ndipo timipando ta pa bridge tili pakati, poti n'kukweza kapena kutsitsa.

Chimodzi chimene tinatsala pang'ono kuiwala, makosi a ma fret 22 amakhala ndi kamlomo kotuluka kupitirira tsinde, kamene kamadutsa pamwamba pa pickguard, pulasitiki yophimba kutsogolo kwa thupi. Kakagunda pulasitikiyo khosi silikhala pansi bwino ngakhale masikuluwu ali olimba. Tinalowetsa pickguard mongoyesa, pepala linadutsa pakati, tinapuma.

Ndiye ndinaikhazika pamwendo, yopanda magetsi, yopanda penti, mizere ya pensulo ikuonekabe pa mlombwa. Fret ya 12 ndi nsambo yosadina zikugwirizana, zingofunika kukonza pang'ono. Ndinaimba kakwela pang'ono kamene tinkaimba pa chigaloni, kenako ndinayesa timizere toyera tija ta a Ray Phiri a bandi ya Stimela, amene bambo awo anali a kwathu komwe, ndipo nsambo yaing'ono ija ndinaikoka dala pa fret ya 17 kuti ndione ngati igwere kunja. Sinagwe. Ukaika chibwano pa nyanga ya thupi n'kukhudza nsambo umamva thabwa lonse likunjenjemera mpaka m'mano. Alamu anamvetsera atapinda manja, n'kunena kuti tebulo lija likulankhula, kenako anafunsa ngati mastandi atsala ndi shuga.

Kakuti tsee kaja ndinamva tsiku lokankha mwamphamvu ndinakapeza, ndi kamng'alu kakang'ono pa khoma lopyapyala lija, kotalika ngati chikhadabo. Tathiramo guluu wamadzimadzi, akuti sikapitirira, tiona mvula ikayamba. Ma pickup ndikudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndipo pa nkhani ya penti sitinagwirizanebe, ine ndikufuna wakuda, alamu akuti munthu wopaka penti wakuda pa mlombwa ndi wofunika kumutengera kwa amfumu. Kilampu yawo ndaiwala kubweza, andiimbira kale kawiri.